Mwana wa mkamwini waulesi

Zikomo anesi pondipatsa mpata, zikomonso amayi ndi abambo nonse muli pakhonde pano. Ine ndine Nambewe wa ku Kaomba, ndimalima fodya ndi chimanga. Ena mumandiona mwezi ndi mwezi pamzere wa mankhwalawu ndikuseka ngati ndabwera kumsika, ndiye mumayesa ndimaperekeza wodwala. Ayi, wodwalayo ndine. Mutu uno unandidwalitsa mpaka ndinafuna kudzipha, ndipo ndinayesa ndithu. Ndanena poyera chonchi kuti amene wabwera ndi ganizo limenelo lero asaone ngati pabenchipo ali yekha.

Kwathu ndife a chikamwini. Mwamuna amabwera kudzamanga pamudzi pa mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Timati bambo ndi tambala, anapiye amatsata thadzi. Bambo anga anachoka pamudzi ine ndisanayambe sukulu. Chimene ndinakula ndikumva n'chakuti anali mkamwini waulesi, wogona dzuwa lili pamutu anzake ali kumunda, mpaka amalume anatopa nawo n'kuwalongedzetsa. Patapita zaka tinangomva kuti amwalira kwawo ndi malungo. Kumaliro sitinapite. Ine ndinkati kwa bambowo ndinatengako mfunda wokha uwu wa Nambewe, basi.

Matenda anandipeza chaka chabwino, ndiye chake anthu sanamvetse. Chinali chaka chimene makuponi anayamba, feteleza tinagula wotsika mtengo, chimanga chinadzaza nkhokwe, fodya nayenso sanatichititse manyazi ku okushoni. Amuna anga, bambo a Limbani, si munthu womenya kapena woyendayenda. Panalibe chodandaula.

Zinayamba ngati khama. Tulo tinandithera koma sindinkatopa. Ndinafesa nazale yokwanira mudzi wonse. Ndinkathirira ndekha, ndikuimba nyimbo za kwaya mokweza mpaka agalu a eni kuuwa. Ndinkalankhula ngati wailesi, munthu sankatha kuikapo liwu. Thumba limodzi la feteleza wa kuponi ndinaligawa m'mabeseni kwa aliyense wodutsa, ati ine ndine mayi wachifundo, Mulungu adzabweza. Anthu ankandiyamikira kuti Nambewe chaka chino walusa. Bambo a Limbani akati pumulaniko, ndinkawayankha kuti, "Ngati mwatopa bwererani kwanu, munda ndi wanga." Mkamwini ukamuuza mawu amenewo amangotsitsa mutu.

Kenako zonse zinazima. Fodya atauma m'chigafa, nthawi yosankha itakwana, ine thupi linakana. Ndinkagona pamphasa maso ali gwa kudenga. Osasamba, osadya, osapita kutchalitchi. Mwana akalira ndinkamumva ngati akulira kutsidya kwa dambo. Ndinayamba kutumiza kachasu kuti mwina ndipezeko tulo, ine mayi wa mvano, yunifolomu yanga yoyera ili pachingwe pomwepo. Kachasu ankandigoneka pang'ono, n'kundidzutsa mtima utalemera kuposa dzulo. Ndiye ganizo lija linabwera, lakuti anthu awa ndikuwalemetsa, atapuma ine kulibe. Silinabwere ndi ukali ayi, linabwera ngati nzeru yabwino. Chenjerani nalo pamenepo, chifukwa ndi bodza lovala jekete.

Tsiku lina masana, onse ali kuchigafa, ndinachita zimene ndinachitazo. Njira yake sindinena, si imene mwabwerera kuno. Bambo a Limbani anabwerera kunyumba kudzatenga madzi akumwa n'kundipeza. Ngolo mpaka kumsewu, minibasi mpaka kuno ku Boma. Ndinatsitsimuka ndili pabedi, iwo atakhala pansi pasimenti, manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindingawafunire munthu.

Nditapezako bwino anabwera dokotala wa matenda a maganizo, bambo wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono. Amalume anali pomwepo monga mwini mbumba. Dokotala anafunsa kuti, "Kumtundu kwanu, alipo wina anadwalapo chonchi, kapena amene anadzichotsera moyo?"

Amalume anakwiya ngati awatukwana. "Adokotala, mbumba yanga ndimaidziwa ndine. Agogo ake a mwanayu anamwalira mano atatha m'kamwa. Mayi ake, mlongo wanga, anapita ndi chibayo. Zimenezo kwathu kulibe."

"Mayi, inu mukuti bwanji?"

"Kulibe," ndinatero ine.

Sindinaname dala. M'mutu mwanga ndinayenda nyumba ndi nyumba pamudzi pathu, kwa amayi aakulu, kwa amayi aang'ono, kwa amalume, ndipo ndinapeza kulibedi. Kwa bambo phazi langa silinapondeko n'komwe, chifukwa kwa ife kumeneko si kumtundu, ndi kwa eni. Za khama lija la nazale sindinanenenso. Ndani amapita kuchipatala kukadandaula kuti ndinalimbikira ntchito?

Anandipatsa mankhwala, ndinatuluka. Nditangoona kuti ndayamba kudya, ndinasiya kumwa. Kumudzi nkhani inali itapsa kale yakuti andilodza chifukwa cha nsanje ya makuponi, popeza dzina langa linatuluka pamene la ena silinatuluke. Amalume ananditengera kwa sing'anga, ananditema mphini pachipumi ndi pamsana, nkhuku inapita. Ndinadana ndi mayi wina woyandikana naye nyumba amene sanandilakwire kalikonse, ndikumuyesa kuti ndiye anandilodza. Zaka zingapo zinadutsa choncho, kukwera ndi kutsika. Ndikakwera, mudzi wonse unkadziwa. Ndikatsika, ankadziwa bambo a Limbani okha, amene anafika pomaopa kupita kumunda kundisiya ndekha.

Tsopano apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene moyo wanga unakhotera.

Inali nthawi yogula feteleza, mvula ili pafupi, dzuwa lija loswa mtengo. Ndinali nditayambanso kutsika, ndipo ganizo lija linali litabweranso. Sindikanapita kudepoti, koma kuponi inali m'dzina langa, ankafuna mwini wake. Inu mukudziwa mmene mizere ija inkakhalira. Anthu a midzi yakutali, ena ochokera kufupi ndi mpanda wa paki ya nyama zakutchire, onse pamalo amodzi. Lole ya feteleza osaoneka. Anthu ankaika miyala ndi matumba pamzere kusunga malo, eni ake n'kukabisala mumthunzi. Ine ndinaika mwala wanga, n'kukakhala pakhonde la golosale ya bambo wina wachisilamu amene ankatipatsa madzi akumwa. Ndinatsamira khoma, mutu pakati pa mawondo, manja ali pakhosi kumbuyoku, ndwii.

Pamzerepo panali mayi wina wachikulire, wamfupi, wa mawu ngati belu, amene kuyambira m'mawa ankakangana ndi aliyense wosuntha mwala wake. Anali atakalipira kale anyamata awiri ndi mlonda yemwe. Ndinangomva waima patsogolo panga.

"Mayi inu, tadzutsani nkhope ndikuoneni."

Ndinadzutsa, ndikuganiza kuti mwala wanga walakwa.

"Ndinu a kwa yani?"

Ndinatchula mudzi wathu ndi dzina la malemu amayi. Mayi uja anakhala pansi pomwepo, pafumbi, mawu ake onse aja atathawa.

"Iwe ndiwe mwana wa Filimoni," anatero. "Sindinakudziwire nkhope ayi. Ndakudziwira kakhalidweko. Mlongo wanga ankakhala chomwecho, manja pakhosi. Ine ndine azakhali ako."

Ndinapereka moni mwaulemu, koma mumtima ndinalibe nawo kanthu. Ndinati pepani, maliro a bambo sitinabwere, tinamva mochedwa kuti malungo awatenga.

"Malungo ati? Anakuuzani choncho? Bambo ako anadzipha, mwanawe. Mng'ono wawonso, bambo ako aang'ono, anapita njira yomweyo patapita zaka. Tinkati malungo chifukwa cha manyazi, komanso akuluakulu ankati kutchula n'kuitana."

Ndinati, "Kwathu amati anali aulesi."

Apa ndiye belu lija linabwerera. "Aulesi? Munda umene mukulimamo fodya kumtunda kwa dambo uja anatsegula ndani? Kafunse amalume akowo. Filimoni anagwetsa mitengo yonse ija yekha, kuzula zitsa yekha, osagona, akuimba. Nthawi imeneyo anali mkamwini wabwino, ankamuphera nkhuku. Mdima utamugwera n'kugona, anasanduka waulesi. Anabwera kwathu ndi mphasa ndi kakhasu, ali mbuu ngati wadwala chaka. Sanali waulesi mlongo wanga, ankadwala."

Abale anga, munda umenewo ndi umene ndinafesamo nazale ija ndikuimba. Ndinaona ngati akunena za ine. Mantha anandigwira. Ndinati ngati zili m'magazi ndiye kuti palibe chothawa, ndingochedwa chabe. Ndinalankhula mokweza osadziwa, "Ndiye kuti nanenso ndapita."

"Wapita kuti? Nanga ine ukundiona ngati mzukwa?"

Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Munali kuponi yopindapinda, ndi kapepala ka pulasitiki ka mapiritsi.

"Ine ndi bambo ako bere limodzi. Matenda omwewo ndili nawo. Ndinavulapo pamsika ine, ndinagonapo miyezi osatuluka m'nyumba, ganizo limenelo ndikulidziwa ngati mnansi. Atapita mlongo wanga wamng'ono uja, mwana wanga wamkazi anandikokera kuchipatala ndikutukwana njira yonse. Kuyambira pamenepo ndimamwa aka. Taona imvizi. Ndakwirira amuna awiri, ndili ndi zidzukulu zosawerengeka, ndipo feteleza ameneyu ndigula ine iwe usanagule."

Ndinaseka. Ndinali nditaiwala kuti m'kamwa mwanga muli kuseka. Kenako ndinalira, pakhonde la golosale, anthu akuona, ndipo iwo anandisiya ndilire, akungondisisita pamsana ndi dzanja lokhakhala. Lole sinabwere tsiku limenelo. Pobalalika anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Chibale ndi fupa, sichiola. Mawa usabwere kuno, mwala wako ndikusungira ine. Upite ku Boma ukanene zonse, za kwa bambo ako zomwe."

Ndinapitadi, ndi bambo a Limbani, amalume osawauza. Ndinapeza dokotala yemwe uja. Ndinati, "Adokotala, tsiku lija munafunsa za kumtundu ndinayankha mbali imodzi." Ndinafotokoza za bambo, za bambo aang'ono, za azakhali, ndi za khama lija losagona. Anamvetsera osandidula. Kenako anati zimene ndanenazo zasintha nkhani yonse, chifukwa matenda okwera ndi kutsika ali ndi mankhwala akeake, osiyana ndi a munthu amene amangotsika basi.

Ndinafunsa funso limene linandisowetsa tulo. "Ndiye kuti zinalembedwa kale kuti ndidzafa ngati bambo?"

"Ayi mayi," anatero. "Mwana amatenga magazi kwa mayi ndi kwa bambo mofanana, kaya ndi kuchikamwini kaya ndi kuchitengwa. Matendawa amayendadi m'mabanja, ndipo m'mabanja ena ganizo lodzichotsera moyo limafulumira kubwera munthu akadwala. Koma chimene munthu amatengera si imfa ayi, ndi kufooka kwa mbali imeneyo. Ena a m'banja lomwelo sadwala n'komwe. Inu ndinu mlimi. Munda wa pamtsetse sufanana ndi wa pachidikha, madzi amafuna kuukokolola. Koma kodi mumausiya?"

"Timaika akalozera," ndinatero.

"Basi, ntchito yathu ndi imeneyo. Kungoti amene sakudziwa kuti munda wake uli pamtsetse ndiye amalira mvula ikagwa."

Potuluka, tikudikira kabaza, ndinangoona bambo a Limbani akumwetulira okha. Ndinati mukuseka chiyani munthu ndikudwala? Anati, "Ndamva adokotala akuti mofanana. Ndiye kuti tambala nayenso ali ndi gawo mwa anapiye aja." Mpaka lero ndikawakalipira amandikumbutsa kuti theka la ana ndi lawo, boma linanena.

Kuchira sikunabwere ngati mvula ya tsiku limodzi. Mankhwala oyamba ankandilemetsa thupi, manja ankanjenjemera posoka fodya. M'malo mosiya ngati kale, ndinabwera kudzanena, anasintha muyezo. Chimenecho ndiye ndinaphunzira choyamba, kuti mankhwala akakuvuta umabwerera nawo kwa amene anakupatsa, sutaya kuseri kwa bafa. Ndimabwera kuno mwezi uliwonse, kaya mlatho wasefukira, kaya fodya ali pa jeke tikudinda mabelo. Belo lidikira, mutu sudikira.

Kachasu ndinasiyiratu. Mankhwala opopera m'munda, ndi china chilichonse chimene chingandipweteke tsiku loipa, sizigona m'nyumba mwathu. Zimakhala kwa mayi uja ndinkamuyesa mfiti, amatsekera m'bokosi mwake, ndipo amapereka kwa bambo a Limbani okha. Ndinapita ndekha kukamupepesa, ndipo lero ndi mnzanga wa ponda apa n'pondepo. Poyamba ndinkaona ngati akundiyesa mwana. Koma ganizo lija limabwera ngati kamvuluvulu, likapeza pafupi palibe kanthu limadutsa, mawa umadzuka n'kudabwa kuti dzulo ndimaganiza chiyani.

Tinagwirizananso za tulo. Bambo a Limbani akaona kuti ndayamba kudzuka nkhuku zisanalire, ndikuimba, ndikukonza zolima dziko lonse, amangoti, "Amake Limbani, nazale ija yayamba." Ndimakwiya, inde, pakamwa panga mukupamva nokha. Koma ndimavala n'kubwera kuno. Ndipo mdima ukayamba, ndimanena ndi pakamwa, kwa iwo kapena kwa azakhali. Ndimati lero ganizo lija labwera. Kutchula si kuitana, abale anga. Kwathu kwa bambo anakhala chete, ndipo anakumba manda awiri. Chinandichitikirapo n'kubwereranso kugona m'chipatala muno kamodzi, sindibisa, koma ndinalowa ndi miyendo yanga.

Amalume ndinawafunsa. Ndinapita ndi mkwiyo wodzaza dengu, koma ndinawapeza atakalamba, akuwothera dzuwa. Ndinati munda wa kumtunda uja anatsegula ndani? Anati, "Tinamva ndithu mmene anafera. Ine ndi mayi ako tinati mwanayu asadziwe, zingamutsate. Tinkati tikukuteteza." Sindinawakalipire. Iwo anachita zimene ankadziwa. Koma ndinawauza kuti mbumba imeneyi kuyambira lero iziwerengedwa mbali zonse.

Lero ndili bwino, ndipo ndikunena mosakayika. Ndimadya, ndimagona, ndinabwerera ku mvano. Fodya wanga ogula sam'bweza. Azakhali akadalipo, amabwera kudzandithandiza kusankha fodya, ngakhale kuti ntchito yawo yaikulu ndi kunyoza masankhidwe anga. Ndiye inu amene mwabwera lero koyamba, akakufunsani m'chipindamo za kumtundu, musayende mudzi umodzi. Tchulani kwa amayi, tchulani kwa abambo, ngakhale bambowo munangowamva dzina. Ndipo ngati ganizo lija lilipo, musatuluke pageti musanauze anesi.

Ndimalize ndi za Limbani, mwana wanga woyamba. Chaka chatha anapeza mbeta kutsidya kwa mtsinje wa Bua, ndipo monga mwa mwambo wathu, ndiye wopita kukakhala kwa eni. Mnyamatayo ali bwinobwino, sanadwalepo, mwina sadzadwala konse. Koma ine tulo tinayamba kuvuta, osati twa matenda, twa umayi. Ndinkamuona akunyamula khasu kupita kumudzi kumene palibe amene akudziwa za agogo ake.

Ndinayamba ndafunsa mwini wake. Ndinati, "Limbani, ndikufuna ndikawauze apongozi ako za matenda a kwathu. Ukakana sindipita." Anaganiza, n'kunena kuti iye anauza kale mtsikanayo, ndipo ngati ndikufuna kuuza akuluakulu ndipite. Amalume atamva anati ndikufuna kupasula ukwati wa mwana, ndani angalandire mkamwini wa kumtundu wa amisala? Mawu amenewo anandilasa, chifukwa mwina akanakhala oona. Komabe tinanyamuka, ine ndi bambo a Limbani.

Tinakafika masana, anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Titatha malonje ndinapempha mayi a mtsikanayo kuti tipatuke pang'ono. Ndinati, "Asewere, ndabwera ndi nkhani yovuta. Ine ndimamwa mankhwala a matenda a maganizo. Bambo anga anali nawo, ndipo anadzipha atathamangitsidwa kuchikamwini. Mwana ndikukupatsaniyu ndi wamphamvu, koma magazi ndi omwewo. Mukadzaona akugwira ntchito osagona, musadzamuyamikire. Mukadzaona wagona masiku osadzuka, musadzati ndi ulesi. Chonde musadzamulongedzetse."

Mayi aja anayamba kutokosa pansi ndi kamtengo. Ine ndinati basi, ukwati ndaupha ndi pakamwa pangapa. Kenako anadzutsa mutu.

"Asewere, ndamva. Tsono mundilangize, popeza inu mukuzidziwa. Akadzagona choncho, tidzayambe tam'phikira phala, kapena tidzayambe takuimbirani foni?"

Ndinati, "Mudzaimbe foni phala lili pamoto."

Ndinalira pakhomo pa eni ake, ine mlendo, chitenje chonse kunyowa. Bambo anga anagona choncho pamudzi pathu, ndipo anawatulutsira mphasa panja. Mwana wanga sanadwale n'komwe, koma kumene wapitako kuli kale munthu amene wafunsa kuti adzayambire pati. Zikomo.